Mpanda wa M'kati mwa Kompyuta ndi Akuba Amene Amaudumpha

Usiku wa pa 2 Novembala 1988, makompyuta a m'masukulu aukachenjede ndi m'malo ena ofufuzira nzeru ku America adayamba kugwira ntchito imene palibe adawatuma. Kutacha, ambiri mwa iwo adali olefuka kotero kuti sadathenso kuchita kanthu, ndipo eni ake adayamba kuzula nthambo zowalumikiza ku intaneti, imene pa nthawiyo idali ikadali khanda. Owerengera amati makompyuta pafupifupi 6,000 adagwidwa ndi mliriwo, mwa makompyuta ngati 60,000 amene adali olumikizidwa pa nthawiyo.

Mwini mliriwo adali Robert Tappan Morris, mnyamata wa zaka 22 amene ankachita maphunziro apamwamba pa Cornell University. Iye adalemba kapulogalamu kodzichulukitsa kokha, kochoka pa kompyuta ina kunka pa inzake monga utitiri m'khola la nkhuku. Kapulogalamuko kadali ndi makomo angapo olowera, koma khomo limene akatswiri amalikumbukira mpaka lero ndi ili: pa makompyutawo padali pulogalamu ina yotchedwa fingerd, imene idali ndi malo okwana zilembo 512 zokha olandiriramo funso lochokera kunja. Kapulogalamu ka Morris kankatumiza zilembo 536. Zilembo 24 zotsalazo zinkasefukira pa malo amene sizidayenera kufika, ndipo kompyutayo inkayamba kumvera mlendo.

Morris adazengedwa mlandu, ndipo mu 1990 khoti lidamulamula kulipira madola 10,050 ndi kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 400. Koma nkhani ya zilembo zosefukira sidathere m'khoti. Papita zaka zoposa 35, akatswiri amanga mpanda pamwamba pa mpanda, komabe mu 2019 kampani ya Microsoft idaulula kuti mwa ming'alu 100 iliyonse imene inkatseka m'mapulogalamu ake chaka ndi chaka, pafupifupi 70 idali ya mtundu womwewu, wa kulemba kapena kuwerenga pa malo olakwika. Nanga mipanda yonseyi imalephera pati?

Bolodi limodzi, ophunzira ambiri

Kompyuta iliyonse, kuphatikizapo foni yamakono ya m'manja, ili ndi malo amene imalembapo zonse zimene ikugwira pa nthawiyo. Malowa amatchedwa memory. Munthu angawayerekeze ndi bolodi lalitali kwambiri la m'kalasi, logawidwa timabokosi mabiliyoni ambiri. Kabokosi kalikonse kamakwana chilembo chimodzi ndipo kali ndi nambala yakeyake, imene imatchedwa adiresi. Uthenga umene munthu akulemba, chithunzi chimene akuyang'ana, mawu achinsinsi amene wangotayipa, ngakhalenso malangizo enieni a pulogalamu imene ikuyenda, zonsezi zimakhala pa bolodi lomwelo.

Makompyuta oyambirira ankayendetsa pulogalamu imodzi pa nthawi imodzi, motero padalibe mkangano wa malire. Pamene anthu ambiri adayamba kugwiritsa ntchito makina amodzi nthawi imodzi, padafunika kapitawo. Kapitawo ameneyu ndiye pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, operating system, monga Windows, Linux, Android kapena macOS, ndipo mtima wake umatchedwa kernel. Kernel imagawira pulogalamu iliyonse chigawo chake cha bolodi, nisunga chigawo china cha iyo yokha, mmene muli zinsinsi za onse.

Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti mzere wa choko pawokha suletsa mwana wamwano kulemba mbali ya mnzake. Kaamba ka ichi, mlonda adaikidwa m'chitsulo momwe, m'kachipangizo kamene kamachita masamu onse a kompyuta, kotchedwa processor. Bolodi lidagawidwa masamba, kawirikawiri a zilembo 4,096 tsamba lililonse, ndipo kernel imasunga kaundula wosonyeza mwini wa tsamba lililonse ndi zimene akuloledwa kuchitapo. Pulogalamu ikafuna kuwerenga kapena kulemba pa adiresi ina, processor imayang'ana m'kaundulamo. Ikapeza kuti pulogalamuyo yalumpha malire, imaigwira dzanja pomwepo ndi kudziwitsa kernel, imene kawirikawiri imaitseka pulogalamu yolakwayo.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kompyuta yotchedwa Atlas, imene idayamba ntchito pa University of Manchester ku England mu 1962, idali kale ndi masamba otere. Makompyuta a m'nyumba ndi m'maofesi ndiwo adachedwa. MS-DOS idalibe mpanda uliwonse, ndipo anthu ambiri adadikira mpaka processor ya Intel 80386 ya mu 1985, Windows NT ya mu 1993 ndi Mac OS X ya mu 2001. Amene adagwiritsapo ntchito makina akalewo amakumbukira mmene pulogalamu imodzi yosokonezeka inkagwetsera kompyuta yonse, ntchito ya tsiku lathunthu nkutayika.

Mpanda umenewu ndi wabwino ndipo umagwira ntchito yake tsiku lililonse. Koma mphamvu zake zili ndi polekezera. Umalekanitsa pulogalamu ndi inzake, ndiponso mapulogalamu onse ndi kernel. Zimene zikuchitika m'kati mwa chigawo cha pulogalamu imodzi suziona konse.

Kusefukira

Pulogalamu imagwira ntchito yake m'zigawozigawo. Ikafuna kupatuka kuti ichite kantchito kapadera, monga kulandira dzina la munthu, imayamba yalemba pa bolodi kachikumbutso konena kuti ikatha pamenepo ibwerere ku adiresi yakutiyakuti. Pafupi ndi kachikumbutsoko imapatula mabokosi olandiriramo zobwera kuchokera kunja. Wolemba pulogalamu akaiwala kuyesa utali wa zobwerazo, zilembo zochuluka zimadzaza mabokosiwo, kusefukira, ndi kufufuta kachikumbutso kaja. Wakuba wochenjera amasankha zilembo zake mosamala, kuti pa malo a kachikumbutsopo pagwere adiresi yoloza ku malangizo amene iye mwini watumiza pamodzi ndi uthengawo. Pulogalamu ikamaliza kantchito kake imawerenga kachikumbutsoko nipita kumene yauzidwa, osadziwa kuti dzanja limene lalemba si lake.

Mlonda wa mu processor sadandaula kanthu pa zonsezi, pakuti palibe malire amene alumphidwa. Pulogalamu yalemba pa tsamba lake lomwe, nitsata malangizo a pa tsamba lake lomwe. Ngati pulogalamuyo ili ndi udindo waukulu m'kompyutamo, wakubayo amalandira udindo wonsewo.

Gwero la vutoli lili m'zilankhulo zolembera mapulogalamu. Chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie adapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, chidakonzedwa kuti chikhale chachangu, ndipo chimakhulupirira kuti wolemba akudziwa chimene akuchita. Sichiyesa ngati katundu akukwana m'bokosi. Mbali yaikulu ya Linux ndi Windows idalembedwa m'chilankhulo chimenechi ndi m'bale wake C++, mizere mamiliyoni ambiri, ndipo pa mizere yochuluka chotero munthu salephera kuphonya penapake.

Ngoziyi idatchulidwa kale mu 1972 mu lipoti limene James P. Anderson adalembera asilikali a m'mlengalenga a ku America. Mu 1996 Elias Levy, podzitcha Aleph One, adafotokoza njira yonse momveka bwino m'magazini ya pa intaneti yotchedwa Phrack, ndipo chinsinsi cha ochepa chidasanduka phunziro la aliyense. Pa 19 Julayi 2001 kachilombo kotchedwa Code Red kadalowa m'makompyuta oposa 359,000 maola 14 asanathe. Pa 25 Januwale 2003 kena kotchedwa Slammer, kautali wa zilembo 376 zokha, kadagwira makompyuta pafupifupi 75,000 m'mphindi ngati 10.

Mipanda itatu ya m'kati

Poona kuti zolakwa za olemba mapulogalamu sizingathe zonse, akatswiri adaganiza zomanga mipanda ina m'kati mwa chigawo cha pulogalamu iliyonse, kuti ngakhale kusefukira kuchitike, wakuba asapindule nako.

Mpanda woyamba udatenga dzina lake ku migodi ya malasha ya ku Britain, kumene anthu ankalowa pansi atanyamula kambalame kotchedwa canary. Kambalameko kakakomoka, ankadziwa kuti mpweya waipa. Mu 1998 Crispin Cowan ndi anzake adalengeza njira yotchedwa StackGuard: pakati pa mabokosi olandirira ndi kachikumbutso kaja pamaikidwa nambala yachinsinsi. Zilembo zosefukira sizingafike pa kachikumbutso osaponda nambalayo, ndipo pulogalamu ikaona kuti nambala yasintha imadziimitsa yokha. Komabe kambalame aka kamalondera malo amodzi okha. Kusefukira kochitikira mbali zina za bolodi, kumene pulogalamu imasungira katundu wake wokhalitsa, sikukakhudza. Ndiponso wakuba akapeza njira yowerengera nambalayo, amangoilembanso momwe idaliri napitirira.

Mpanda wachiwiri ndi lamulo lakuti tsamba lolembapo lisakhalenso tsamba lotengapo malangizo. Wakuba angathe kutumiza malangizo ake, koma processor imakana kuwatsata chifukwa ali pa tsamba la katundu wamba. Gulu lotchedwa PaX lidabweretsa lamuloli ku Linux mu 2000, kampani ya AMD idaliika m'maprocessor ake mu 2003, ndipo lidafika ku Windows XP mu 2004. Zili ngati mlonda wa pa chipata amene amasecha aliyense kuti asalowe ndi chida. Koma m'nyumba iliyonse mumakhala kale nkhwangwa, khasu ndi makwerero. Mu 1997 katswiri wodzitcha Solar Designer adali atasonyeza kale kuti wakuba angathe kulozetsa kachikumbutso kaja ku malangizo ovomerezeka amene ali kale m'pulogalamumo. Mu 2007 Hovav Shacham wa pa University of California ku San Diego adapita patsogolo: adasonyeza kuti mwa kulumikiza tizidutswa ting'onoting'ono ta malangizo ovomerezekawo, kuchoka pa kena kudumphira pa kena, munthu angathe kuichititsa kompyuta chilichonse chimene afuna popanda kubweretsa langizo latsopano ngakhale limodzi.

Mpanda wachitatu udabwera kudzatseka mpata umenewo. Kuti wakuba agwiritse ntchito nkhwangwa ya mwini nyumba, ayenera kudziwa pamene ili. Motero kernel idayamba kusinthasintha malo a zinthu pa bolodi nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, monga mayi wobisa ndalama amene lero waika pansi pa mphasa, mawa m'nkhokwe. Njirayi, yotchedwa ASLR, idayamba ndi PaX mu 2001, idalowa mu Linux mu 2005 ndi mu Windows Vista mu 2007. Koma mu 2004 ofufuza a pa Stanford University adasonyeza kuti pa makompyuta a nthawiyo malo obisalapo adali 65,536 okha, ndipo mwa kungoyesa amodziamodzi ankapeza olondola m'masekondi ngati 216. Makompyuta a masiku ano ali ndi malo obisalapo ochuluka kwambiri, kotero kuti kuyesa mwachimbulimbuli sikuthandizanso kwenikweni. Chimene akuba amafunafuna tsopano ndi kang'alu kena kamene kangawaululire adiresi imodzi yokha, chifukwa akadziwa pamene pali chinthu chimodzi amawerengera pamene pali zinzake zonse zoyandikana nacho.

Palibe mpanda mwa itatuyi umene udali wachabe. Kale mnyamata mmodzi wokhala ndi kang'alu kamodzi ankagwedeza intaneti yonse. Lero wofuna kuthyola foni yatsopano amafunika ming'alu ingapo yolumikizana ndi miyezi ya ntchito. Mipandayi idakweza mtengo wa umbava, koma sidauthetse.

Wakuba amene sathyola kanthu

Pa 7 Epulo 2014 dziko lidamva za mng'alu wotchedwa Heartbleed, umene udapezedwa ndi Neel Mehta wa ku Google ndiponso, mwapadera, ndi akatswiri a kampani ya ku Finland yotchedwa Codenomicon. Mng'aluwu udali mu OpenSSL, pulogalamu imene masamba ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito pobisa mauthenga a pakati pa iwo ndi alendo awo.

Makompyuta awiri akamalankhulana, ina imatha kufunsa inzake ngati ikadalipo. Imatumiza mawu ochepa, nkunena utali wake, nkupempha kuti abwezedwe momwe aliri. OpenSSL inkakhulupirira utali wonenedwawo osauyesa. Wakuba ankatumiza chilembo chimodzi nkunama kuti watumiza zilembo zoposa 65,000, ndipo kompyuta inkabweza chilembo chija pamodzi ndi zonse zimene zidali zolembedwa pambuyo pake pa bolodi: mawu achinsinsi a anthu ena, mauthenga awo, nthawi zina ngakhale kiyi weniweni wobisira mauthengawo. Ankatha kubwereza pempholi kambirimbiri osasiya chizindikiro.

Pano mipanda yonse idangoima chiriri. Kambalame sikadakomoke chifukwa palibe chidafufutidwa. Lamulo la masamba silidaswedwe chifukwa palibe langizo lachilendo lidatsatidwa. Mlonda wa mu processor adangoona pulogalamu ikuwerenga tsamba lake lomwe. Cholakwacho chidali m'pulogalamu yotulutsidwa kuyambira Malichi 2012, ndipo pamene chimadziwika chidakhudza masamba otetezedwa pafupifupi theka la miliyoni. Ku Canada, bungwe lotolera misonkho lidalengeza kuti manambala a umwini a anthu pafupifupi 900 adabedwa kudzera pa mng'alu umenewu.

Pamene njerwa zenizenizo zifooka

Zonse zimene zanenedwa pamwambapa ndi zolakwa za olemba mapulogalamu. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti chitsulo chokha ndicho sichinama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Memory imasunga zilembo m'timaselo ting'onoting'ono ta magetsi tosanjidwa m'mizere. Magetsi a m'timaselomo amatha pang'onopang'ono, motero amawonjezeredwa kawirikawiri, pa mamilisekondi 64 aliwonse m'makina ambiri. Pofuna kuti zambiri zikwane pa malo ochepa, opanga adapanikiza mizereyo kwambiri. Mu 2014 Yoongu Kim ndi anzake a pa Carnegie Mellon University, mogwirizana ndi ofufuza a ku Intel, adasonyeza kuti pulogalamu ikamatsegula mzere umodzi mobwerezabwereza, nthawi masauzande ambiri m'kanthawi kochepa, magetsi a m'mzere woyandikana nawo amasokonezeka, ndipo 1 amasanduka 0 kapena 0 amasanduka 1. Zili ngati mayi wosinja pafupi ndi khoma: sadalowe m'nyumba ya mnansi wake, koma kugunda kwa munsi kwagwetsa mbale ya pa alumali ya mnansiyo. Mwa zipangizo za memory 129 zimene adayesa, 110 zidapezeka ndi vutoli, limene lidatchedwa Rowhammer.

Mu Malichi 2015 Mark Seaborn ndi Thomas Dullien adasonyeza pamene pagona ngozi. Adakonza kuti mzere woyandikana nawo ukhale kaundula uja wa kernel, wosonyeza mwini wa tsamba lililonse. Nambala imodzi itasintha m'kaundulamo, pulogalamu wamba idapeza mphamvu zodzilembera yokha chilolezo cha bolodi lonse. Opanga memory adaikamo njira zochepetsera vutoli, koma ofufuza akhala akupezabe kasinjidwe katsopano kozemba njirazo.

Changu chimene chidaulula chinsinsi

Nkhani yodabwitsa koposa idadziwika pa 3 Januwale 2018. Jann Horn wa ku Google, gulu la pa Graz University of Technology ku Austria mmene mudali Daniel Gruss, Moritz Lipp ndi Michael Schwarz, akatswiri a kampani ya Cyberus Technology ku Germany, ndiponso Paul Kocher ndi anzake, adapeza kuti mlonda wa mu processor angathe kupusitsidwa. Ming'aluyo idatchedwa Meltdown ndi Spectre.

Kuti processor ikhale yachangu, sidikira kuti langizo limodzi lithe isanayambe lina. Imathamangira kutsogolo, kuchita ntchito imene ikuganiza kuti ifunika, ndipo ikaona kuti idalakwitsa imataya zotsatira zake ngati kuti palibe chidachitika. Ilinso ndi kamalo kapafupi kotchedwa cache, kamene imasungirapo zinthu zimene yangozigwiritsa ntchito kumene, kuti ikazifunanso isapite kutali.

Tiyerekeze laibulale ya pa sukulu yokhala ndi mnyamata wothandiza wachangu kwambiri. Wophunzira wina wamachenjera amuuza kuti: "Pita ukaone chilembo choyamba cha kalata ili m'kabati ya ahedi. Ngati ndi A unditengere buku loyamba, ngati ndi B lachiwiri, ndi kumangopitirira choncho." Mnyamatayo, pofuna kusunga nthawi, atumiza mnzake kukapempha chilolezo kwa ahedi, iye nkuthamangira ku kabati, kuona chilembo, ndi kutsitsa buku loyenera kuliika pa tebulo lake. Yankho likubwera lakuti chilolezo palibe. Mnyamatayo akana kupereka bukulo ndipo saulula chilichonse. Koma bukulo latsala pa tebulo. Tsono wophunzira uja ayamba kupempha mabuku onse limodzilimodzi, wotchi ili m'manja. Ena onse akuchedwa kubwera chifukwa akuchokera ku mashelefu akutali, koma limodzi lafika nthawi yomweyo. Ngati ndi lachitatu, ndiye kuti kalata ya ahedi ikuyamba ndi C. Akabwereza zimenezi pa chilembo chilichonse, awerenga kalata yonse, chikhalirecho palibe amene wamupatsa kalatayo.

Umu ndi mmene Meltdown idagwirira ntchito. Mabuku adali 256, ofanana ndi mitundu yonse ya zimene kabokosi kamodzi ka memory kangasunge, ndipo ofufuzawo adatha kuwerenga zinsinsi za kernel pa liwiro lofika zilembo ngati 500,000 pa sekondi. Vutoli lidapezeka pafupifupi m'maprocessor onse a Intel opangidwa kuyambira 1995, kupatulapo mitundu yochepa. Lidakhala pamenepo zaka zoposa 20 osaonedwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Spectre, m'bale wake, amapusitsa processor kuti iganize molakwika za njira imene pulogalamu itsate, ndipo adakhudza maprocessor a Intel, AMD ndi Arm omwe, ndiye kuti ngakhale mafoni. Amene adada nkhawa kwambiri adali eni makompyuta akuluakulu obwereketsa, kumene makampani ambiri osadziwana amagwiritsa ntchito makina amodzi modalira mpanda womwewu.

Processor imene ili kale m'kompyuta singasulidwenso. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Motero mankhwala adachokera ku mapulogalamu. Olemba Linux, Windows ndi macOS adachotsa kernel pafupifupi yonse pa mapu amene pulogalamu wamba imaona, kuti mnyamata wachangu uja asadziwe nkomwe kumene kuli kabati. Mtengo wake udali liwiro, pakuti tsopano pulogalamu ikafuna thandizo la kernel pamafunika kusintha mapu, ndipo makompyuta ochita zimenezi kawirikawiri ndiwo adamva kulemera. Zokonza zoyamba za Intel zidachititsa makompyuta ena kuzima ndi kuyakanso okha, mpaka pa 22 Januwale 2018 kampaniyo idapempha anthu kuti ayambe aleka kuziika. Maprocessor atsopano adatseka Meltdown m'chitsulo momwe, koma Spectre alibe mankhwala amodzi, chifukwa muzu wake ndi changu chimene aliyense amachifuna, ndipo abale ake akhala akutulukirabe chaka ndi chaka.

Njira imene yatsala

Akatswiri ambiri tsopano akuvomereza kuti kutchinga zotsatira za cholakwa sikukwanira, ndipo akuyang'ana ku gwero. Zilankhulo zina zolembera mapulogalamu zimayesa zokha utali wa katundu ndi kukana kulemba kunja kwa bokosi. Chimodzi mwa izo ndi Rust, chimene chidatuluka mokhazikika mu 2015 ndipo chidayamba kuloledwa mu kernel ya Linux mu Disembala 2022. Kampani ya Google idalengeza kuti itayamba kulemba mbali zatsopano za Android m'zilankhulo zotere, ming'alu ya memory idatsika kuchoka pa 76 mwa 100 iliyonse mu 2019 kufika pa 24 mu 2024. Ku University of Cambridge, ofufuza a ntchito yotchedwa CHERI adakonza processor imene adiresi iliyonse imayenda ndi malire ake, kuti mlonda aone ngakhale za m'kati mwa chigawo cha pulogalamu imodzi. Koma mapulogalamu akale a mu C ndi ochuluka kwambiri moti sangalembedwenso onse posachedwa, ndipo chilankhulo chabwino sichichiritsa Rowhammer kapena Spectre.

Pa nthawi ino, chitetezo chenicheni ndi mpikisano wa pakati pa otseka ming'alu ndi oilowa. Pa 14 Malichi 2017 Microsoft idatulutsa chigamba chotsekera mng'alu wina wa memory mu Windows. Pa 12 Meyi chaka chomwecho kachilombo kotchedwa WannaCry kadalowera pa mng'alu womwewo m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko ngati 150, kutseka mafayilo ndi kufuna dipo. Ku England, zipatala za boma zidaimitsa maulendo pafupifupi 19,000 a odwala okaonana ndi madokotala. Chigamba chidalipo kwa miyezi iwiri, koma ambiri adali asanachiike.

Phunziro limeneli likukhudza aliyense amene ali ndi foni yamakono m'thumba, kaya ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg. M'foni imeneyo muli kernel, muli bolodi, ndipo pa bolodipo pamadutsa nambala yachinsinsi yotumizira ndalama. Uthenga wopempha kuti pulogalamu ya foni ikonzedwenso ambiri amaukankhira kumbali poopa kutha kwa bandulo, chikhalirecho kawirikawiri uthengawo wanyamula zigamba za ming'alu imene akuba akuidziwa kale. Foni yakale, imene opanga ake adaleka kuitumizira zigamba, imatsala ndi ming'alu yake yonse ngakhale ikuoneka yowala kunja, ndipo wogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kufunsa za ichi asanafunse za kamera. Pulogalamu yotengedwa kumalo osadziwika ndi mlendo amene wapatsidwa kale chigawo pa bolodi. Ming'alu yambiri, monga Meltdown, imafuna kuti wakuba ayambe walowa motere.

Kwa aphunzitsi a maphunziro a kompyuta ndi achinyamata amene akuyamba kulemba mapulogalamu, nkhaniyi ili ndi mawu ake apadera. Morris mu 1988 ndi Heartbleed mu 2014 adalowera pa khomo lofanana: wolemba pulogalamu adakhulupirira zobwera kuchokera kunja osaziyesa. Wophunzira amene azolowera kufunsa, pa mzere uliwonse umene walemba, kuti chingachitike nchiyani ngati wina atumiza zochuluka kuposa malo amene akonzedwa, watseka khomo limene kernel, ndi alonda ake onse, singathe kumutsekera.